Thumba la mankhwala lidaulula zomwe kaundula wa chipatala sadziwa

Pafupifupi nyumba iliyonse m'dziko muno ili ndi kamalo kake kosungirako mankhwala. Kwa ena ndi kachitini ka pamwamba pa kabati, kwa ena ndi kajumbo kotsomeka kudenga, kwa enanso ndi kansalu komanga mfundo pansi pa sutikesi ya zovala za Lamulungu. M'menemo mumapezeka mapiritsi otsala a mwana amene adachira chaka chatha, makapisozi awiri ogula pagolosale, Bactrim wopatsidwa ndi mnansi, ndi timapiritsi tina toyera tomwe ngakhale mwini nyumba adaiwala dzina lake. Mutu ukawawa usiku, mwana akatentha thupi, m'mimba mukatseguka, dzanja limathamangira pamenepo ulendo wa kuchipatala usadaganiziridwe n'komwe.

Kodi ndani akudziwa zomwe zili m'timatumba timeneti? Kaundula wa kuchipatala amalemba okhawo amene adaima pamzere n'kuonana ndi dokotala. Unduna wa Zaumoyo ungathe kuwerenga makatoni amene adachoka kunkhokwe za Central Medical Stores Trust, koma sungadziwe kuti piritsi lililonse lidathera m'kamwa mwa yani, lidamwedwa masiku angati, kapena ngati lidasungunulidwa m'madzi a nkhuku. Zimenezi amazidziwa ndi eni nyumba okha. Mfundo yomwe tikufuna tilingalire lero, abale ndi alongo, ndi yakuti dziko silingathane ndi kamwedwe kolakwika ka mankhwala a kuchipatala popanda kumva kwa anthu amene akuwamwawo, ndiponso kuti anthuwo sanena zoona kwa munthu amene wabwera ndi ndodo m'manja.

Zomwe zidachitika ku Chikwawa

Chitsanzo chake chili pakhomo pompano. M'zaka zapitazi akatswiri a bungwe la kafukufuku la Malawi Liverpool Wellcome, mogwirizana ndi anzawo a kusukulu ya London School of Hygiene and Tropical Medicine, adayenda m'midzi ya boma la Chikwawa pofuna kudziwa momwe mabanja amagwiritsira ntchito maantibayotiki. Awa ndi mankhwala olimbana ndi tizilombo ta mabakiteriya, monga amoxicillin, Bactrim, doxycycline ndi Flagyl, omwe munthu sayenera kumwa popanda kulemberedwa ndi wachipatala. Chopinga choyamba chidali chilankhulo. Mawu akuti antibayotiki mulibe m'Chimang'anja kapena m'Chisena. Mayi wa kumudzi amadziwa mankhwala ake ndi maonekedwe: kapisozi wofiira kwina wachikasu kwina, piritsi loyera lokhala ndi mzere pakati. Mukamufunsa ngati adamwapo maantibayotiki akhoza kukana ndi mtima woona, chonsecho ali nawo m'chitini.

Ochita kafukufukuwo adapeza njira yosavuta koma yanzeru. Adasonkhanitsa maantibayotiki osiyanasiyana opezeka m'deralo, a m'zipatala, a m'mafamase ndi a m'timasitolo, n'kuwaika m'thumba. Akafika pakhomo ankawayala pamaso pa eni nyumba n'kuwapempha kuti awagawe m'milu: awa ndimawadziwa, awa ndidamwapo, awa timamwa kawirikawiri, awa tidawafuna koma sitidawapeze. Wogawa miluyo adali mwini nyumba, ndipo mlendo wophunzirayo adali womvetsera. Pogwira kapisozi m'manja, munthu ankakumbukira nthenda yomwe adamwera, komwe adamupeza ndi ndalama yomwe idalowa. Njirayi idalembedwa mu 2019, ndipo zomwe idaulula ku Malawi, Uganda ndi Zimbabwe zidasindikizidwa mu 2021.

Zotsatira zake zidasiyana ndi chithunzi chomwe ambiri ali nacho, cha munthu wa kumudzi womeza mankhwala mwaumbuli. Zidaonetsa kuti mabanja amadalira mitundu yochepa ya maantibayotiki akale ndi otsika mtengo, makamaka amoxicillin ndi Bactrim. Kuti amawamwa pofuna kuti thupi lidzuke msanga likagwire ntchito yopezera chakudya. Ndiponso kuti kumwa mankhwala mosafunikira ndi kusowa mankhwala ofunikira zimakhalira limodzi m'dera lomwelo. Kafukufuku wina wa akatswiri omwewa m'zipatala zazing'ono za m'bomali adapeza ogwira ntchito ochepa, odwala ochuluka, zipangizo zoyezera matenda zoperewera ndi mankhwala otha pafupipafupi. Wachipatala amene ali ndi mphindi zowerengeka pa wodwala aliyense, choyezera chake n'cha malungo chokha, amalemba antibayotiki kuti munthu asabwerere chimanjamanja.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu

Wina angafunse kuti, kodi makapisozi awiri a m'chitini angawononge chiyani? Yankho lili m'khalidwe la tizilombo. M'thupi mwa munthu, makamaka m'matumbo, mumakhala mabakiteriya osawerengeka. Nthawi iliyonse imene tamwa antibayotiki, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana pomwe tinzake tachoka, ndipo timatha kupatsira kulimba kwawoko ngakhale tizilombo ta mtundu wina. Timatuluka ndi chimbudzi, timalowa m'madzi, timafika m'manja mwa mwana ndi m'khola la ziweto. Choncho amene wamwa antibayotiki chifukwa cha chimfine, nthenda ya mavairasi omwe mankhwalawa sawakhudza n'komwe, sapindula kanthu koma wazoloweretsa tizilombo ta m'thupi mwake. N'chimodzimodzi ndi wosungunulira nkhuku kapisozi pa nyengo ya chitopa: chitopa ndi nthenda ya vairasi, ndipo chotetezera chake ndi katemera. Alexander Fleming, amene adatulukira penisilini mu 1928, adachenjeza kale mu 1945 za kuopsa komwa mankhwalawa mochepera muyeso.

Zomwe adaneneratuzo zafika pakati pathu. Pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, magazi a odwala akhala akuyezedwa mwadongosolo kuyambira mu 1998, ndipo lipoti lomwe lidatuluka mu 2017 lidaonetsa kusintha kodetsa nkhawa. Pakati pa 2003 ndi 2016, tizilombo ta mtundu wa Klebsiella tosamva jakisoni wa ceftriaxone ndi ena a mtundu wake tidakwera kuchoka pa 12 kufika pa 90 mwa tizilombo 100 tilitonse. Ta mtundu wa E. coli tidachoka pa kosakwana kamodzi kufika pa 30 mwa 100. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akadwalika, ndipo Klebsiella ndi kachilombo koopsa kwa makanda obadwa kumene. Pa dziko lonse lapansi, kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 adawerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu 1.27 miliyoni adafa ndi mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo goli lolemera kwambiri lidali kuno kummwera kwa chipululu cha Sahara.

Amalawi tidalandirapo kale phunziro lotere pa malungo. Chloroquine ankagulidwa pagolosale iliyonse ndi kumwedwa pa kutentha thupi kulikonse, mpaka adasiya kugwira ntchito. Mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso adafooka, ndipo mu 2007 tidasamukira ku LA. Komabe m'mbiri imeneyi muli chiyembekezo. Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2006 adapeza kuti patatha zaka zoposa khumi chloroquine atachotsedwa, adayambanso kuchiza pafupifupi ana onse amene adapatsidwa. Izi sizikutanthauza kuti tibwerere ku chloroquine, ndiponso si mankhwala onse amabwezeretsa mphamvu chotere. Zikungotionetsa kuti zochita za makomo ambirimbiri zikasintha, tizilombo nato timasintha.

Chigwa chodziwa mtengo wa piritsi

Tisadaweruze mabanja a kuchigwa cha Shire, tikumbukire kuti dera limeneli lidalawa kale kuwawa kwa kusowa mankhwala. Mu 1859 sitima ya David Livingstone idalephera kupitirira mathithi a Kapichira, ndipo iye ndi amishoni amene adamutsatira ankapulumuka ku malungo podalira kwinini. Mu Januwale 1862 bwato la Bishopu Charles Mackenzie lidatembenuzika pa Shire, mankhwala n'kupita ndi madzi. Mwezi womwewo usadathe, bishopuyo adamwalira ndi malungo pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Mbiri idasunga dzina lake chifukwa adali bishopu. Koma eni chigwa osawerengeka amene adafa ndi nthenda yomweyo osaonapo piritsi ndi limodzi lomwe, mayina awo sadalembedwe paliponse. Anthu amene makolo awo adafa chifukwa chosowa mankhwala sangataye piritsi lotsala mwachisawawa.

Lero pa Kapichira pali malo opangira magetsi a mamegawati pafupifupi 130, ndipo ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imayambira pomwepo. Koma mayi wa m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete, mwana akamutenthera thupi, amawerengabe masamu akalekale. Kupita kuchipatala ndiko kutaya ganyu wa tsiku lonse, kulipira kabaza popita ndi pobwera, kuima pamzere padzuwa la kuchigwa, mwinanso n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe, akagule yekha. Makapisozi anayi a pagolosale amaoneka otsika mtengo kuposa zonsezo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga malo a magetsi a Kapichira kotero kuti adaima kwa nthawi yoposa chaka, adadula misewu ndi kusamutsa mabanja zikwizikwi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adabwereza, kolera ali mkati. Pa nyengo zotere, kachitini ka pakabati ndiko chipatala chokhacho chofikirika.

Tiganizirenso za Bactrim. Anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV amalandira mankhwalawa kuti azimwa tsiku ndi tsiku poteteza thupi ku matenda ongopezerapo mwayi, ndipo pali chifukwa chabwino: kafukufuku wa ku Lusaka wofalitsidwa mu 2004 adaonetsa kuti amachepetsa imfa za ana okhala ndi kachilomboka ndi 43 mwa 100. Koteroko Bactrim amapezeka m'makomo ambiri. Mnansi akabwera akutsokomola kudzapempha mapiritsi awiri, n'kovuta kumukaniza, pakuti tidaleredwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma kupatsa kumeneku kumavulaza awiri: wopatsayo amadumphitsa masiku a chitetezo chake, ndipo wolandirayo amamwa mankhwala osayezedwa, osakwanira, mwinanso osagwirizana ndi nthenda yake. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silingafike pakati pa anansi awiriwa. Amene angasinthe zimenezi ndi yekhayo amene wamvetsa chifukwa chake zimachitika.

Mankhwala amene amagwira mwini wake ukapolo

Pali gulu linanso la mankhwala a kuchipatala lomwe kulakwitsa kwake kumabisika kwambiri kuposa kwa maantibayotiki. Awa ndi oletsa ululu amphamvu ndi ogonetsa tulo, monga codeine, tramadol ndi diazepam, omwe thupi likawazolowera limawalira. Ku America kampani ya Purdue Pharma idayamba kugulitsa OxyContin mu 1996. Mu 2007 idavomera kukhoti kuti idanamiza anthu za kuopsa kwa chibaba cha mankhwalawo, ndipo idalipira madola oposa 600 miliyoni. Ambiri amene adayamba ndi piritsi la dokotala adathera ku mankhwala ozunguza bongo a mumsewu, ndipo m'zaka za 2021, 2022 ndi 2023 anthu oposa 100,000 ankafa chaka chilichonse m'dzikolo chifukwa chomwa mankhwala mopyola muyeso. Mu 2018 boma la Nigeria lidaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine wailesi ya BBC itaulula momwe achinyamata ankawamwera ngati mowa. Ku Zimbabwe ndi ku South Africa, komwe ana athu ambiri adapita kukasaka ntchito, botolo la mankhwala a chifuwa lasanduka chidakwa cha achinyamata ena. Mnyamata wodula nzimbe kapena wopalasa kabaza amene wapeza piritsi lochotsa kuwawa kwa msana ndi kutopa komwe, sali kutali ndi msampha womwewo.

M'maiko amenewo akatswiri adazindikira kuti ziwerengero za apolisi, za zipatala ndi za kunyumba ya chisoni zimabwera munthu atagwa kale. Adatembenukira tsono kwa eni ake, anthu omwa mankhwalawa amene amakumana pa intaneti mobisa mayina n'kumafotokozerana zomwe akukumana nazo. Ku Australia, Monica Barratt ndi Simon Lenton adalemba mu 2010 kuti anthu otere asamatengedwe ngati dimba lokololamo mayankho chabe, koma ngati anzako oyenera kukambirana nawo za kafukufukuyo. Ku London, dokotala wa matenda a maganizo Adam Winstock adayambitsa Global Drug Survey, kafukufuku wosafunsa dzina amene m'zaka zina adayankhidwa ndi anthu oposa 100,000. Kuchokera kwa anthu amenewa madokotala amamva msanga za mankhwala atsopano amene ayamba kumwedwa, momwe akusakanizidwira ndi mowa, ndi chifukwa chomwe munthu adayambira: ululu, kusowa tulo, nkhawa kapena chisoni.

Pano pali funso lomwe munthu woopa Mulungu sangalephere kufunsa: kodi kukhala pansi ndi kumvetsera womwa mankhwala molakwika si kuvomereza khalidwe lakelo? Tikuona kuti ayi. Dokotala akafunsa wodwala kuti amamwa mowa wochuluka bwanji sakutamanda uchidakwa. Akufuna kudziwa kukula kwa bala asadalimange. Chimene chimalimbikitsa khalidwe loipa ndi mdima, pomwe aliyense amaganiza kuti ndi iye yekha, ndipo amalandira malangizo kwa wogulitsa. Tiyeneranso kusamala kuti mantha asatipangitse nkhanza: wodwala khansa amene akubuula ndi ululu ayenera kulandira morphine wake mopanda kumukayikira. Kusiyanitsa wofunikadi mankhwala ndi wogwidwa ukapolo kumatheka pofunsa ndi kumvetsera. Ndipo popeza midzi yathu yambiri intaneti siidafikemo mokwanira, ntchito yomwe kunja imachitika pa kompyuta kuno idzachitika pamkeka, monga lidachitira thumba lija la ku Chikwawa.

Kukhulupirirana kuli ndi mtengo wake

Sitinganene kuti anthu atsegule makomo awo popanda kunena za udindo wa obwera kudzafunsa. Kukayikira alendo onyamula mapepala ndi majakisoni kuli ndi mbiri yake. Mu 1996 kampani ya Pfizer idayesa mankhwala otchedwa Trovan pa ana odwala nthenda youmitsa khosi mumzinda wa Kano ku Nigeria. Makolo adadandaula kuti sadafotokozeredwe bwino, ndipo milandu yake idatenga zaka zoposa khumi. Kuno kwathu, mu 2017 mphekesera za anamapopa zidayamba ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Nsanje mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa adaphedwa, ogwira ntchito zaumoyo adachitiridwa chipongwe, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'madera ena. Pomwe anthu sauzidwa zomwe magazi awo kapena mayankho awo akupita kukachita, mphekesera ndiyo imadzaza malowo.

Malamulo oyendetsera dziko lino, m'ndime 19, amaletsa kuyesera munthu za chipatala kapena za sayansi popanda chilolezo chake. Kafukufuku aliyense wa zaumoyo ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, monga National Health Sciences Research Committee kapena komiti ya COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Banja lililonse lidziwe tsono zinthu zitatu zomwe lili ndi ufulu wozifunsa. Choyamba, ufulu wokana kapena kusiya pakati popanda kutaya chithandizo cha kuchipatala. Chachiwiri, chinsinsi: zomwe zanenedwa pakhonde zisakafike kwa apolisi, kwa amfumu kapena kwa abusa ndi dzina la wonena. Chachitatu, kubweza zotsatira: amene adapereka nthawi yawo auzidwe zomwe zidapezeka, m'chilankhulo chawo, pabwalo la m'mudzi mwawo. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kamete eni mudzi, kasangonyamula tsitsi n'kupita nalo ku Ulaya.

Pomwe mfundozi zidatsatidwa, zipatso zidaoneka. Pakati pa 2016 ndi 2018, m'midzi yozungulira Majete, anthu odzipereka a m'midzi momwemo ndiwo ankatsogolera misonkhano ya malungo, kutseka mipata ya pansi pa denga yolowera udzudzu ndi kuthana ndi zithaphwi, pa ntchito ya Majete Malaria Project yomwe idaphatikiza College of Medicine, The Hunger Project, African Parks ndi masukulu a ukachenjede a kunja. Ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, makolo a ana oposa 28,000 adalola ana awo kulowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi mu 2018, pa nthawi yomwe tizilombo ta nthendayi tidali titasiya kumva maantibayotiki akale. Katemerayo adateteza ana pafupifupi 80 mwa 100, ndipo mu Meyi 2023 adayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Mwana wa ku Nsanje amene walandira katemerayu lero akudya thukuta la chilolezo cha makolo a ku Ndirande.

Manyazi ndi mpingo

Chopinga chotsiriza chili pakati pa ife opembedza, ndicho manyazi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mkulu wa mpingo amene sagona popanda piritsi, mayi wa kwaya amene mwana wake akumwa mankhwala a chifuwa mobisa, mtsikana wogula makapisozi pamsika poopa kuti anamwino adziwa nthenda yake, onsewa amakhala chete chifukwa choopa kuti mawa adzakhala chitsanzo cha mu ulaliki. Mbiri ya Edzi idaonetsa komwe kukhala chete kumathera. Zinthu zidayamba kusintha pomwe eni nthenda adalankhula: wansembe wa Anglican wa ku Uganda, Gideon Byamugisha, adaulula mu 1992 kuti ali ndi kachilombo, ndipo mu 1993 Amalawi ochepa adayambitsa bungwe la NAPHAM. Pomwe ma ARV aulere adayamba mu 2004, omwa mankhwalawo ndiwo adakhala aphunzitsi odalirika a anzawo pa kamwedwe koyenera.

Mu Uthenga Wabwino wa Marko, mutu 5, muli mayi amene adadwala zaka khumi ndi ziwiri, chuma chake chitathera kwa ochiritsa osiyanasiyana, ndipo adafuna machiritso mobisala pakati pa khamu. Ambuye adaima, adafunsa, adadikira kufikira mayiyo atafotokoza mbiri yake yonse, ndipo sadamudzudzule pa njira zomwe adayesa. Mpingo umene ukufuna kuthandiza pa nkhani ya mankhwala uyambire pamenepo. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi magulu ena oyendera odwala amalowa m'nyumba zambiri kuposa wochita kafukufuku aliyense. Akamapita kukazonda matenda asanyamule mapiritsi otsala a kunyumba kwawo, ngakhale mtima wake ndi wachikondi. Anyamule ufa, nkhuni ndi ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala. Ndipo mtumiki aliyense wouza wodwala kuti ataye ma ARV, mankhwala a khunyu kapena a shuga poonetsa chikhulupiriro, nayenso akuphunzitsa kamwedwe kolakwika ka mankhwala, koopsa kuposa ka pagolosale.

Tichitenji tsono?

Boma lili ndi mbali yake. Mu Sepitembala 2024 maiko a mu United Nations adagwirizana zochepetsa imfa zodza ndi tizilombo tosamva mankhwala ndi 10 mwa 100 pofika 2030. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, lili ndi mphamvu yoletsa kugulitsa mankhwala popanda chilolezo, ndipo liyenera kuigwiritsa ntchito. Koma kulanda makapisozi pamsika wa Dyeratu kapena wa Nchalo, chipatala chapafupi chili chopanda mankhwala, ndi kutseka chitsime osakumba mjigo. Zomwe mabanja a ku Chikwawa adafotokoza zikuloza ku madzi aukhondo, zimbudzi zopirira madzi osefukira, achipatala okwanira, zoyezera matenda ndi mashelefu osakhala opanda kanthu. Amene adamva mayankho amenewa ali ndi ngongole kwa amene adawapereka.

Mbali yathu ifenso ndi yooneka. Tikafika kwa dokotala tinene zonse zomwe tamwa kale, za pagolosale, za kwa mnansi ndi za zitsamba, pakuti wobisa zimenezi amasocheretsa womuchiza. Mankhwala amene talemberedwa timwe monga momwe tauzidwira, osagawana ndi wina, osasungira nthenda ya mawa. Kachitini kaja tikatsitse pakabati, tipite nako kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala kuti atiuze zoyenera kutaya. Amene waona kuti thupi lake layamba kulira piritsi loletsa ululu kapena logonetsa asalisiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa kutero nakonso n'koopsa. Akaonane ndi wachipatala, ndipo ife abale ake timuperekeze m'malo momunena. Ochita kafukufuku akagogoda pakhomo, tiwafunse kalata yawo ya chilolezo, tiwafunse komwe mayankho athu akupita ndi tsiku lomwe adzabwere kudzatiuza zotsatira. Akayankha bwino, tiwayalire mkeka ndipo tiwauze zoona. Jakisoni amene adzapulumutse mdzukulu wathu m'chipinda cha makanda zaka khumi zikubwerazi akudalira zomwe tichite ndi makapisozi a m'nyumba mwathu lero.